Mikanda, waya ndi pulayazi: zoona zake za maphunziro a amayi othawa kwawo ndi omwe anapulumuka kozembetsedwa

Koyamba kuona mkanda wa pepala ine ndinkaona ngati ndi wa galasi, mpaka mayi amene ankagulitsayo anandiseka nkundiuza kuti achimwene, imeneyotu ndi kalendala ya chaka chatha. Ndinakana. Ndiye anatenga kamodzi komwe kanali kasanapakidwe vanishi nkuyamba kukamasula ndi chikhadabo pang'onopang'ono, ndipo zoonadi panatuluka kapepala kataliatali kosongoka ngati mchira wa khoswe, pena pake pakuonekabe manambala a madeti. Chichewa chawo chinali chija chosakanikira ndi Chiswahili, ankachokera ku Dzaleka, ndipo anandiuza kuti lusoli anaphunzira milungu ingapo chabe. Ndinawafunsa kuti ndiye zikuyendatu eti? Anangoti kupanga nkosavuta, koma nkuloza thumba lomwe linali pansi pa tebulo, lodzaza tho ndi mikanda yomwe inali isanapeze mwini.

Thumba limene lija ndi lomwe landilembetsa izi. Pajatu pa Facebook timaona pafupipafupi zithunzi za amayi atavala ma T-shirt ofanana, satifiketi m'manja, mikanda pakhosi, mawu pansipa akuti tawapatsa luso tsopano adziyimira paokha. Ena amayamikira, ena amanyoza kuti mikanda ingadyetse munthu? Onse awiriwa sanalowe mkati mwa nkhaniyi. Ine maganizo anga ndi akuti kuphunzitsa zala ndi mbali yaing'ono kwambiri ya ntchito yonseyi, pomwe pagona nkhani ndi pa msika, pa mtengo, pa lamulo, komanso pa funso loti ndalamayo ikalowa ikugwiridwa ndi ndani.

Tiyambe ndi amayiwo, chifukwa mabungwe amakonda kuwaphatikiza mu chiganizo chimodzi pomwe mavuto awo ndi osiyana.

Gulu loyamba ndi othawa nkhondo kwawo. Kuno ndiye kuti tikukamba za Dzaleka, m'boma la Dowa, malo omwe nthawi ya Kamuzu inali ndende ya andale, nkudzasanduka kampu ya othawa kwawo mu 1994. Anakonza kuti pakhale anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000 koma pano apitirira 50,000, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda, ena ochepa ku Somalia ndi Ethiopia. Chomwe anthu ambiri sadziwa nchoti Malawi atavomereza pangano la United Nations la 1951 lokhudza othawa kwawo, anakanako ndime zina, kuphatikizapo zokhudza ufulu woyenda momasuka ndi wolembedwa ntchito, ndipo lamulo lathu la 1989 likuyenda mu mzere omwewo. Tanthauzo lake nloti mayi amene kwawo ku Bukavu kapena ku Uvira m'dziko la DRC anali namwino, mphunzitsi, mwinanso anali ndi shopu yake, kuno sangangotuluka nkukafunsira ntchito ku Lilongwe. Tinazionanso mu May 2023 pomwe apolisi ndi asilikali anasonkhanitsa omwe ankachita mageni m'matauni nkuwabweza ku kampu, ena atadutsa kaye kundende ya Maula. Ndiye munthu ali mkati, thandizo la WFP, bungwe loona za chakudya lija, limachepa chaka ndi chaka ndipo nthawi zina limachedwa, ana akufuna sopo, makala, nsapato. Apa ndi pomwe ntchito iliyonse yogwirira pakhomo imakhala ndi tanthauzo.

Gulu lachiwiri ndi omwe anapulumuka m'manja mwa ozembetsa anthu, ndipo ambiri mwa amenewa ndi athu omwe, Amalawi. Mukukumbuka nkhani ya atsikana ndi amayi omwe anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, kukafika pasipoti nkulandidwa, kugwira ntchito m'nyumba usiku ndi usana, ena kumenyedwa ndi kugwiriridwa, nkhani yomwe BBC inaionetsa mu 2024. Koma sikuti nzakunja zokha ayi, alipo atsikana otengedwa kumudzi powauza kuti akagulitsa mu lesitilanti kutauni, kukathera m'kachipinda kuseri kwa bala. Lamulo lilipo la 2015, lomwe limati wozembetsa munthu wamkulu atha kukhala kundende mpaka zaka 14, wozembetsa mwana mpaka 21. Koma lamulo limalanga wolakwa basi, silimuuza mtsikana wabwera uja kuti mawa adya chani. Amabwera chimanjamanja, nthawi zambiri ali ndi ngongole yomwe abale anatenga kwa katapila yolipirira ejenti, kuonjezera apo manyazi, pakuti kumudzi anthu amayembekeza kuti wochokera kunja abwera ndi masutikesi. Ndipo choopsa nchoti munthu wotere akakhala miyezi ingapo opanda chochita, ejenti wina akabwera ndi nkhani yokoma amapitanso. Magulu awiriwa amakumananso penapake, a UNODC, nthambi ya United Nations yolimbana ndi umbanda, ananenapo mu 2022 kuti mu Dzaleka momwemo munali gulu la ozembetsa anthu, ndiye mayi mmodzi atha kukhala wothawa kwawo komanso wozembetsedwa nthawi imodzi.

Nanga bwanji mikanda, osati zosoka kapena saluni kapena kuphika? Zifukwa zake nzomveka ndithu. Makina osokera ndi okwera mtengo ndipo amafuna malo ndi kuwakonzetsa, saluni imafuna magetsi, mandasi akapanda kugulidwa lero mawa ndi luzi. Mikanda zida zake zonse zimakwana mu chikontena cha majarini: pulayazi ziwiri kapena zitatu, sizasi, singano, ulusi wa nayiloni uja asodzi amamangira mbedza, kawaya, guluu. Sifuna ESCOM, siwola, mbewa sizidya, umatha kupanga mwana ali kumbuyo uku nyemba zili pamoto. Sifunanso chilankhulo, mphunzitsi wolankhula Chichewa, wophunzira wa Chirundi, wina wa Chisomali, onse amangoyang'ana zala nkumatsatira. Kwa munthu amene sukulu anasiyira Sitandade 4 palibe mayeso omuopseza. Ndipo ndi kakatundu kopepuka, mikanda ya ndalama zambiri imakwana mu envulopu imodzi, pomwe madengu a mtengo omwewo afuna theka la minibasi.

Pali chifukwa china chomwe sichilembedwa mu bajeti. Munthu amene wadutsa mu zoopsa, ukamukhazika pampando nkumuuza kuti tafotokozani zomwe zinakuchitikirani, amangoti zii, kapena amalira nkusabweranso. Koma amayi akakhala pa mphasa mozungulira, aliyense maso ali pa singano yake, palibe akuyang'ana mnzake kumaso, nkhani zimayamba kutuluka zokha ngati mmene zimakhalira posenda mtedza kapena potonola chimanga. Kuwerenga kuja, itatu yofiira iwiri yoyera itatu yofiira, kumagwira mutu kuti usamangothawira kumbuyo. Komanso kumaliza chinthu chokongola ndi manja ako, iwe amene kwa chaka chonse unkangouzidwa kuti ndiwe wachabechabe ndinakugula, si nkhani yaing'ono. Koma apa tisanamizane, mikanda si mankhwala. Amene akulota zoopsa usiku uliwonse kapena ali ndi matenda omwe anatenga kumeneko akufunika achipatala ndi aphungu odziwa ntchito yawo, ndipo pulojekiti yomwe imagula mikanda yokha opanda munthu wotere pafupi ikungochita theka.

Tsono kapangidwe kake. Za pepala zija zimayenda chonchi: umatenga pepala lolimbako lamitundumitundu, makalendala, mapositala, magazini akale, nyuzipepala siyenda bwino chifukwa ndi yofewa ndipo inki yake imatuwa. Umajambula ndi rula timizere nkudula timapepala tatitali, kumodzi kotambalala kwinako kosongoka. Kutambalala kwa kumunsiko ndi komwe kumakhala kutalika kwa mkanda, kutalika kwa kapepalako ndi komwe kumaupatsa mimba. Ukatero umayamba kukulunga pa kamtengo kotokosera m'mano kapena pa sipoko ya njinga, kuyambira kotambalala kuja, uku ukukoka kuti pathine, ndipo nsonga izidutsa pakatikati penipeni, ikangopendekera mbali imodzi mkanda umatuluka wokhota ngati nthochi. Kumapetoko kadontho ka guluu. Kenako umaitunga yonse pa ulusi nkuiviika mu vanishi, kuyanika pamthunzi pomwe palibe fumbi, ikauma kuviikanso, kawiri katatu. Ku Dowa kuja mphepo ndi fumbi la mwezi wa August mukulidziwa, ukayanika panja zonse zimatuluka ngati wazipaka mchenga, nyengo yamvula nayo vanishi sauma msanga ndipo amachita mbuu. Tinthu ngati timeneti ndi tomwe timasiyanitsa mphunzitsi amene anapangapo geniyi ndi amene anangoonera pa YouTube.

Mikanda ing'onoing'ono yagalasi ija ndiye imafuna maso ndi kudekha, ndipo amayi achikulire ambiri imawavuta osati chifukwa cha mutu koma maso, magalasi owerengera otchipa omwe aja atha kusintha zonse koma nkawirikawiri kuiwalika pa bajeti. Za waya ndi gawo lina, kuphunzira kupinda kamphete kotseka bwino ndi pulayazi yozungulira kukamwa, kutsegula timaringi mopotokola m'mbali osati mokanula, kumangirira kokolekera kuti nekilesi isaduke. Ndolo ndi zomwe zimapindulitsa msanga chifukwa zimadya zipangizo zochepa ndi nthawi yochepa. Zonsezi munthu wamanja abwino amazigwira pa milungu yochepa. Chovuta chenicheni, chomwe chimatenga miyezi, ndi kufananitsa. Kupanga chibangili chimodzi chokongola aliyense atha, koma kasitomala akati ndikufuna 200 zofanana ndendende ndi iyi, utali umodzi, mtundu umodzi, pofika pa 15, apa ndi pomwe magulu ambiri amagwera. Wina wathinitsa, wina walekerera, mikanda yabuluu yatha pakati ndiye agula ina yabuluu koma yosiyana pang'ono, bokosi lonse nkubwezedwa.

Njira ya mikanda ya pepalayi inatchuka kwambiri ku Uganda. Amayi a mtundu wa Acholi omwe anathawa nkhondo ya zigawenga za LRA kumpoto kwa dzikolo nkukakhala ku Acholi Quarter mu Kampala ankapeza ndalama pophwanya miyala pa kwale, ena nkumakulunga mikanda pambali. Mu 2004 kunayamba bungwe la BeadforLife lomwe linkagula mikandayo nkumakagulitsa ku America, makamaka kudzera m'timaphwando ta m'nyumba za anthu, ndipo kwa zaka zingapo zinayenda bwino kwambiri moti ambiri anatengera. Koma chomwe ine chimandisangalatsa pa nkhani yawo nchoti iwo eni sankafuna kuti mayi akhale pa mikanda moyo wake wonse, ankamusunga kwa nthawi yoikika uku akumuphunzitsa bizinesi kuti ndalama ya mikandayo ikhale mpamba wa geni ina yoti makasitomala ake ndi aneba ake. Mapeto ake mbali ya maphunziro a bizinesiyo ndi yomwe inakula nkukhala Street Business School. Anthu omwe anagulitsa mikanda yambiri chonchi anafika pozindikira kuti msika wake uli ndi malire. Ife kuno nthawi zambiri timakopera mikandayo nkusiya phunzirolo.

Tiyeni tiwerengere limodzi, manambalawa ndi ongoyerekeza chifukwa mitengo ya kuno imasintha usanamalize nkomwe kulemba. Tinene kuti nekilesi yagulidwa K10,000. Mikanda, ulusi, zokolekera ndi vanishi zadya K3,000. Amene wasunga katundu pa shopu kapena pa loji akufuna yake, tinene K2,500. Thiransipoti yopita kutauni ndi kubwera ukaigawa pa zinthu zomwe zagulidwa ulendo umenewo, mwina K1,000 iliyonse. Kapaketi ndi kapepala komata, K500. Zatsala K3,000, ndipo ngati inatenga tsiku lathunthu kuphatikiza kukulunga ndi kuyanika ndiye malipiro a tsikulo ndi omwewo. Koma dikirani, tawerengera ngati zonse zomwe wapanga zagulidwa. Ngati pa khumi zagulidwa zinayi, zisanu ndi chimodzi zili mu thumba lija pansi pa tebulo, ndiye mpamba wake wagona mmenemo. Vuto lomwe ophunzira atsopano amakhala nalo ndi loti sawerengera nthawi yawo, amaona K10,000 m'manja nkumati yonse ndi phindu, kugula ufa ndi ndiwo, sabata yamawa palibe chopikulira. Phunziro la kakope kolembamo zolowa ndi zotuluka ndi lotopetsa, silioneka bwino pa chithunzi, koma likanakhala kwa ine bwenzi likutenga theka la nthawi yonse ya maphunziro.

Kuonjezera apo pafupifupi chilichonse chachitsulo ndi chagalasi chimachokera kunja, ku China, India, zina kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zipangizo zinakwera pompo, koma kasitomala wa pa msika sanavomere kuti chibangili chikwere chimodzimodzi. Nchifukwa chake magulu ochenjera amathamangira zinthu zapompano, mapepala, tizidutswa ta chitenje ta kwa atelala tokutira mikanda yamatabwa, nyanga ndi mafupa a ng'ombe, njere za mitengo, waya wa kopa wa m'zinthu zakufa. Tili ndi miyala yokongolanso m'dziko muno, ku Mzimba, ku Ntcheu, ku Chikwawa, koma kuidula ndi kuiboola kumafuna makina, ndiye yambiri yakhala ikutuluka m'dziko muno yosakonza nkudzabwera ili mu paketi mtengo utakwera kakhumi. Imeneyo ndi nkhani ina yowawa payokha.

Ndiye agula ndani? Msika woyamba womwe aliyense amauganizira ndi azungu, alendo a kunyanja ku Cape Maclear, Senga Bay, Nkhata Bay, ogwira ntchito m'mabungwe ku Lilongwe, ndi omwe amabwera ku Tumaini Festival, chikondwerero chomwe Menes La Plume anayambitsa mu Dzaleka momwemo mu 2014. Masiku a Tumaini katundu amayenda ndithu, koma ndi masiku ochepa pa chaka, ndipo kunyanja kuli kale anyamata a ziboliboli omwe akhala pa geniyi zaka ndi zaka, sangakusiyire malo chifukwa choti uli ndi satifiketi. Mayi wa ku Dzaleka sangapitenso yekha kukakhala ku Mangochi mwezi wonse, amafunika chilolezo chotulukira, ndiye amadalira munthu wapakati, ndipo wapakatiyo akakhala wosakhulupirika palibe komwe angakadandaule momasuka.

Palinso kugula kwachisoni. Munthu wamva nkhani, mtima wamupweteka, wagula zibangili zitatu zomwe sadzavala. Ndalamayo ndi yeniyeni, tisainyoze, koma amagula kamodzi basi. Kasitomala amene amabweranso ndi amene wagula chifukwa chinthucho nchokongola, sichinaduke, sichinamudetse khosi, mnzake ku ofesi wamufunsa kuti wagula kuti. Apa ndi pomwe pamafunika munthu wodziwa za masitayilo, osati kungopanga zomwe mphunzitsi anaphunzira zaka khumi zapitazo. Mukayenda m'misika ya zaluso muona kuti matebulo asanu otsatizana ali ndi nekilesi imodzimodzi, chifukwa onse anaphunzitsidwa ndi munthu mmodzi, ndiye chotsala ndi kutsitsirana mitengo mpaka onse kuluza.

Msika womwe ine ndimaona kuti timaupeputsa ndi wathu womwe. Mikanda si yachilendo kuno, agogo athu ankavala, anankungwi amaidziwa bwino, ndipo ya m'chiuno ija (musaseke, mukuidziwa nonse) simasowa ogula chaka chonse, pa bridal shower, pa chinkhoswe, pano atsikana akumaoda pa WhatsApp. Onjezani ndolo zogwirizana ndi chitenje cha yunifolomu ya ukwati, za makwaya, makolona a Akatolika, tizibangili tolemba maina kapena ta mitundu ya mbendera, ta Bullets ndi Wanderers, za ovina Ingoma ndi za miyambo ngati Umhlangano kapena Kulamba. Phindu pa chimodzi ndi lochepa koma ndalama imazungulira sabata ndi sabata, sufuna DHL, sufuna Chingerezi, ndipo bungwe likatseka ofesi makasitomalawo amakhalapobe. Koma ku mapulojekiti ambiri maso amakhala ku London ndi ku New York.

Kunjako ndalama iliko, zoona, koma chitseko chake ndi chopapatiza. Ku Ulaya kuli malamulo okhwima pa zitsulo zokhudza khungu, makamaka nickel yomwe imayabwitsa anthu ambiri, komanso lead ndi cadmium, ndiye tizitsulo totchipa togula pa kilo tija titha kubwezetsa katundu yense. Njere nazo nzofunika kusamala, tija tofiira tokhala ndi kadontho kakuda tomwe timaoneka bwino kwambiri pa chibangili tili ndi poizoni woopsa, moti ku Britain mu 2011 anachita kulengeza kuti omwe anagula zibangili zotere azibweze. Kenako pali zithunzi zabwino, kuyankha ma email msanga, mtengo wotumizira, ndi njira yolandirira ndalama kuchokera kunja yomwe kwa munthu wa ku Malawi, osanenanso wothawa kwawo, si yapafupi. Mayi mmodzi payekha sangazithe izi. Nchifukwa chake UNHCR, nthambi ya United Nations yoona za othawa kwawo, inayambitsa MADE51, dzinalo likuchokera ku pangano la 1951 lija, yomwe imalumikiza amisiri othawa kwawo ndi timakampani ta m'dziko momwemo todziwa kale za masitayilo ndi kutumiza katundu kunja. Ku Dzaleka chitsanzo chodziwika cha kampani yotere ndi Kibébé, yomwe inachokera ku bungwe la There Is Hope lomwe anayambitsa a Innocent Magambi, omwe nawonso anakhala zaka zambiri ali othawa kwawo, ngakhale iwo katundu wawo wambiri ndi zosoka za chitenje. Mfundo yake ndi yomweyo, payenera kukhala wina amene ntchito yake tsiku ndi tsiku ndi kusaka ogula.

Tsono ndalama ija yapezeka, ikufika bwanji kwa mwini wake? Apa pali njira ziwiri ndipo kusiyana kwake ndi kwakukulu. Ena amalipira mayi pompo akapereka katundu wovomerezeka, zogulitsa ndi mutu wa bungwe. Ena amati siyani katundu tikagulitsa tidzakupatsani, ndiye kuti chiopsezo chonse chasenzetsedwa kwa munthu wosaukitsitsa pa mzere wonsewo, amadikira miyezi itatu osadziwa ngati zagulidwa kapena ayi. Ndinaonapo gulu lina, sinditchula, komwe amayi anadikira mpaka anatopa, pofunsa nkumauzidwa kuti katundu akadali m'njira, mapeto ake anayamba kugulitsa zipangizo za pulojekiti mobisa kuti apeze ya sopo, kenako iwo omwewo nkutchedwa osayamika. Kwa munthu amene anazembetsedwapo ndiye nkhaniyi ndi yoopsa kawiri, chifukwa mawu oti gwira ntchito ndalama tikusungira, kapena zipangizozi ndi ngongole uzibweza pang'onopang'ono, ndi mawu omwewo omwe anamva kwa madamu ake ku Oman kapena kwa mwini bala. Olo cholinga chikhale chabwino, m'thupi mwake zimamveka chimodzimodzi. Ndiye malipiro azikhala odziwika asanayambe, olembedwa, pa tsiku lake, ndipo akhale ndi ufulu wosiya tsiku lililonse popanda wina kumuwerengera zomwe anamuchitira.

Ikafika m'manja, nkhondo ina imayambira kunyumba. Bambo amene wakhala zaka mu kampu opanda ntchito, mkazi wake nkuyamba kubwera ndi ndalama, si onse amene amazilandira bwino, ena amalanda, ena amaletsa kupita ku gulu. Mtsikana wobwera ku Oman naye abale amamudikirira ndi ngongole ija. Nchifukwa chake magulu ambiri amaphatikiza ndi banki m'khonde, kuti gawo lina lizilowa m'bokosi lisanafike pakhomo, kapena kulipira pa Airtel Money ndi Mpamba pa nambala ya mayiyo mwini wake. Ku Dzaleka kunatsegulidwanso nthambi ya banki mu 2018, zomwe zinathandiza kuti anthu asamasunge ndalama pansi pa matiresi. Ndipo magulu anzeru amaitana azibambo tsiku loyamba nkuwafotokozera, zimachepetsa mapokoso.

Chinthu chimodzi chomwe chimandinyansa ndi kapepala kaja komata pa nekilesi, kokhala ndi chithunzi cha mayi, dzina lake, ndi nkhani yoti anagwiriridwa ali ndi zaka zakuti. A zamalonda amati nkhani ndi yomwe imagulitsa, ndipo sakunama. Koma taganizani, mayiyo akadzakwatiwa, ana ake akadzakula nkulemba dzina lake pa Google, chithunzicho chidzakhala chilipobe. Amene anamuzembetsa mwina sanamangidwe, ali pa Facebook pomwepo. Wothawa kwawo mwina anathawa anthu omwe akumusakabe. Ndipo kuvomera kwa munthu amene akudziwa kuti wofunsayo ndi yemwe amamupatsa ntchito, nkuvomera kwanji? Zimatheka bwinobwino kulemba kuti izi zapangidwa ndi gulu la amayi a ku Dzaleka, basi, osatchula bala la munthu. Kwa opulumuka kozembetsedwa ndi bwinonso kuwasakaniza ndi amayi ena a m'deralo, kuti gululo lisadziwike kuti ndi la aja anapita ku Oman aja, pakuti dzina lotere likakumatirira pamudzi silichoka. Ku Dowa kusakanizaku kuli ndi phindu linanso, midzi yozungulira kampu nayo ndi yosauka, ndipo thandizo likamangolowa mkati anthu akunja akuonerera, chidani chimakula.

Ndiye wina akakuuzani kuti taphunzitsa amayi 60, funso loyamba lisakhale loti anaphunzira chani. Afunseni kuti patatha chaka alawansi itasiya, ndi angati akupangabe, akupeza zingati pa mwezi akachotsa zipangizo, akugula ndani, ndipo pulayazi ikathyoka amakagula kuti. Afunseninso kuti anafufuza kaye ngati msika ungamwe katundu wa anthu 60, kapena nambalayo inachokera mu pulopozo. Nthawi zina yankho loona limakhala loti khumi okha ndi omwe atsala pa mikanda, ena anatenga kandalamako nkuyamba tomato, makala, kaunjika, nkhuku, wina anabwerera kusukulu. Ine zimenezo sindiziwerengera ngati kulephera, bola ngati anachoka ndi mpamba m'manja ndi luso lowerengera.

Mayi wa kalendala uja ndinakumana nawonso patapita nthawi, pa tebulo pomwepo. Za pepala zinalipo zochepa, mbali yaikulu inali ndolo zokutidwa ndi chitenje ndi mikanda ya m'chiuno yomangidwa m'mitolo. Anati telala wina wa ku Area 25 amawatumizira tizidutswa ta nsalu ya ukwati uliwonse womwe akusoka, iwo nkupanga ndolo za operekeza onse, ndalama imalowa pa foni katundu asananyamuke. Ndinafunsa za thumba lija. Anati lilipobe kunyumba, akumasula imodziimodzi nkumachotsa zokolekera kuti agwiritsenso ntchito.